Atchete ndi Luso Lawo Loluka Zisa

Mbalame zambiri zikafuna kuikira mazira sizivutika kwenikweni. Njiwa imangosanja timitengo tochepa pa mphanda ya mtengo, moti munthu ataima pansi amatha kuona mazira kudzera m'mipata. Nkhanga imafukula kadzenje pansi pa chitsamba, pomwe kadzidzi amalowa m'mphako yomwe sanaboole yekha. Atchete ndiye ayi. Iwo amang'amba okha tizingwe ta udzu, amamanga mfundo, n'kuluka nyumba yokhala ndi denga, chipinda ndi khomo, kenaka n'kuisiya ikulendewera kunsonga kwa nthambi. Zida zawo ndi mlomo ndi mapazi basi.

Chisa cha tchete si chokongoletsera mtengo. Mbali iliyonse ya chisacho ili ndi ntchito yake: ina ikuletsa mvula, ina ikutchinga njoka, ina ikukopa mkazi. M'nkhani ino tiona mmene chisachi chimalukidwira, chifukwa chake chimaoneka momwemo, ndiponso komwe luso limeneli limachokera.

Banja la atchete

Akatswiri a mbalame amaika atchete m'banja lotchedwa Ploceidae, lomwe lili ndi mitundu pafupifupi 120. Yambiri mwa mitunduyi imapezeka mu Africa, kumwera kwa chipululu cha Sahara. Yochepa ili ku Madagascar ndi pa zilumba zina za m'nyanja ya Indian Ocean, ndipo ina yowerengeka ili ku India ndi maiko oyandikana nawo. Pafupifupi onse ndi mbalame zing'onozing'ono za milomo yaifupi yolimba, yoyenera kuswa njere za udzu, ngakhale kuti ana awo amawadyetsa kwambiri tizilombo monga mphutsi ndi ziwala.

Tchete amene ambiri timamudziwa ndi uja wokonda kumanga pafupi ndi midzi, amene akatswiri amamutcha Ploceus cucullatus. Kutalika kwake ndi masentimita 15 mpaka 17. M'nyengo yoswana wamwamuna amawala chikasu, kumaso kwake n'kwakuda ndipo maso ake ndi ofiira. Wamkazi ndi wotuwa mosakanikirana ndi kobiriwira pang'ono, zomwe zimamuthandiza kubisala. Nyengo yoswana ikatha wamwamuna amayoyola nthenga zowalazo n'kuyamba kufanana ndi wamkazi. N'chifukwa chake anthu ena amaganiza kuti atchete amasamuka m'chilimwe, chonsecho ali pompano, angosintha zovala.

Atchete a mtundu umenewu amakonda kukhala pagulu. Mtengo umodzi wa mthethe, nsungwi za m'mbali mwa mtsinje kapena mgwalangwa umatha kusenza zisa zoposa 100, ndipo phokoso lake limayamba m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa.

Mmene chisa chimalukidwira

Woluka ndi wamwamuna. Ntchito imayamba ndi kupeza zolukira, ndipo sizikhala zotola pansi ayi. Tchete amatera pa tsamba laliwisi la nsenjere, bango, kanjedza kapena chimanga, amaluma m'mphepete mwake kuti pang'ambike pang'ono, kenaka amagwira pong'ambikapo ndi mlomo n'kuuluka. Pamene akuuluka tsamba limang'ambika motsata mitsempha yake, ndipo amafika pa mtengo atanyamula kachingwe kataliatali. Kachingweko kayenera kukhala kakawisi, chifukwa kouma kamathyoka akafuna kukapinda.

Chovuta koposa ndi mfundo yoyamba. Palibe chogwirira, nthambi ikugwedezeka, kachingwe n'koterera. Tchete amapondereza mbali imodzi ya kachingweko ndi phazi, mbali inayo n'kuizunguliza pa nthambi ndi mlomo, kuipisa pansi pake, kuikokera kuseri, mpaka igwire. Akatero amawonjezera tizingwe tina mpaka patapangika mkombero wolendewera, wooneka ngati nkhata. Mkombero umenewu ndiwo maziko a nyumba yonse, ndipo ndi pomwe mmisiriyo amaima kufikira ntchito itatha.

Ataima mumkomberomo, atayang'ana mbali imodzi yokhayokha, amayamba kuluka denga cham'mwamba, kenaka chipinda cha mazira kutsogolo kwake. Amalowetsa nsonga ya kachingwe m'kampata, n'kuitulutsira pa kampata kena, n'kuikoka kuti ikungike. Akaluka pang'ono amakankha khoma ndi mlomo kuti litukumuke. Popeza mapazi sawasuntha, chipindacho chimalekezera pomwe mlomo wake wafika. Ichi ndi chifukwa chake zisa za atchete a mtundu umodzi zimakhala zofanana kukula ngakhale palibe amene ali ndi choyezera: muyezo wake ndi thupi la mbalameyo.

Chipinda chikatha, tchete amapendekera chagada n'kuluka kakhonde kumbuyo kwake, komwe kamathera pa khomo loyang'ana pansi. Mbali ya m'munsi ya mkombero uja imasanduka kachiunda pakati pa chipinda ndi khomo, ndipo ndi kamene kamaletsa mazira kugubuduka mphepo ikamagwedeza nthambi. Pomaliza amayala timasamba tatifupi tatikulu m'mbali kunsi kwa denga kuti mvula isadonthe ndiponso dzuwa lisalowe.

Anthu amene analongosola bwino ndondomeko imeneyi ndi Nicholas Collias ndi mkazi wake Elsie, a ku yunivesite ya California ku Los Angeles, omwe anayamba kusindikiza zomwe anapeza m'zaka za m'ma 1960. Iwo anapeza kuti chisa chimodzi chimadya tizingwe pafupifupi 300, kutanthauza maulendo mazanamazana pakati pa mtengo ndi dambo. Ngakhale zili choncho, tchete wodziwa ntchito amamaliza chisa pa tsiku limodzi kapena kupitirira pang'ono.

Woweruza ndi wamkazi

Chisa chikatha, wamwamuna amalendewera chadodolido pakhomo pake, akukupiza mapiko, akudzigwedeza uku ndi uku, akuimba. Gulu la akazi likatulukira, amuna onse a mumtengomo amachita zimenezi nthawi imodzi, mtengo wonse n'kuchita ngati wawira. Wamkazi akakopeka amalowa m'chisa n'kuyamba kuchiyesa. Amakoka tizingwe ndi mlomo, amakankha makoma, amatuluka, amalowanso. Akakhutira amabweretsa ngayaye zofewa za udzu ndi nthenga n'kuyala m'chipindamo. Kuyalako ndiko kuvomera ukwati.

Chisa chosavomerezedwa sichikhalitsa. Pakapita masiku angapo udzu umauma, chisa chimasanduka chofiirira ndipo akazi amasiya kuchiyang'ana. Mwini wake amachiphwasula yekha, zidutswa n'kugwera pansi, iye n'kuyamba china pamalo pomwepo. Ndiye chifukwa chake pansi pa mtengo wa atchete pamadzaza zisa zakugwa. Zambiri mwa izo sanagwetse ndi ana oponya legeni kapena mphepo, koma eni ake. Pa nyengo imodzi wamwamuna mmodzi amatha kuluka zisa zofika 20, ndipo wamwayi amakhala ndi akazi angapo, aliyense m'chisa chake.

Kukhwimitsa zinthu kwa wamkaziku kuli ndi chifukwa. Iye ndiye adzafungatire mazira, omwe kawirikawiri amakhala 2 kapena 3, kwa masiku pafupifupi 12, ndipo ana akaswa amakhala m'chisamo masiku ena 17 mpaka 21 asanauluke. Choncho chisa chiyenera kupirira mvula ndi mphepo kwa mwezi wathunthu ndi masiku. Chisa chachiwisi chimatsimikiza kuti n'chatsopano ndipo chifika kumapeto. Chofooka chikaduka pakati pa nyengo, khama lonse la wamkazi lapita pachabe.

Chifukwa chake chisa chimalendewera

Mazira ndi tiana ta mbalame ndi chakudya chokoma kwa njoka, apusi, akhwangwala ndi mbalame zolusa. Kamangidwe ka tchete kakuyankha adani amenewa mmodzimmodzi. Nsonga ya nthambi ndi yopyapyala moti pusi sangaiponde. Khomo loyang'ana pansi limakakamiza mdani kulowa atazondoka, pamene mwini nyumba amangouluka kuchokera m'munsi n'kulowa. Amuna ambiri amathothola masamba onse a nthambi yomwe pali chisa, moti njoka ikamayandikira imaonekera patali ndipo gulu lonse limaisokosera.

Malo omangapo nawonso amasankhidwa. Atchete ambiri amamanga pa nthambi zoweramira pamadzi, pomwe nyama zoyenda pansi sizingafike. Ena amamanga pafupi ndi zisa za mavu kapena pansi pa chisa cha mbalame yaikulu yolusa. Amene amamanga pakati pa mudzi, pa sukulu kapena pamsika, nawonso akufuna chitetezo, pakuti pamene pali anthu njoka ndi apusi sizichuluka.

Komabe palibe linga lopanda polowera. Njoka zina za m'mitengo zimatsika ndi nthambi mpaka kupisa mutu m'khomo. Palinso mbalame ina yolusa yotuwa, ya miyendo yaitali yopindika mbali zonse, yotchedwa Polyboroides typus, yomwe imalendewera pa chisa ikukupiza mapiko n'kusolola tiana.

Mdani wochenjera koposa ndi kambalame kobiriwira monyezimira kotchedwa Chrysococcyx caprius. Iko sikamanga chisa. Kakakazi kamadikira kuti tchete achokepo, kamalowa msangamsanga, kamachotsa dzira limodzi n'kuikira lake. Mwana wake akaswa amachotsa mazira kapena ana a tchete n'kutsala yekha, makolo omulera akumudyetsa osadziwa. Atchete nawo ali ndi yankho. Mazira awo safanana: wina amaikira oyera, wina obiriwira motuwa, wina a mawangamawanga, koma wamkazi aliyense amaikira a maonekedwe amodzi moyo wake wonse. Akaona dzira lachilendo amalitaya.

Umboni woti kusiyana kwa maziraku n'chida chodzitetezera unachokera kutali. Atchete a mtundu wa m'midzi uja anatengedwa ndi anthu kupita ku chilumba cha Hispaniola ku Caribbean zaka zoposa 200 zapitazo, ndiponso ku Mauritius zaka zoposa 100 zapitazo. Ku zilumba ziwirizi kulibe kambalame konyenga kaja. Katswiri wina, David Lahti, anayerekeza mazira a kumeneko ndi a mu Africa, ndipo mu 2005 anasindikiza zomwe anapeza: mazira a ku zilumbazo anali atayamba kufanana pakati pa mkazi ndi mkazi. Mdani atasowa, chizindikiro chozindikirira dzira nacho chinayamba kuzilala.

Luso lobadwa nalo kapena lophunzira?

Kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti mbalame imamanga chisa mosaganiza, monga mmene mtima umagundira. Mbali ina n'zoona. A Collias analera atchete kuyambira ali aang'ono, osaona chisa kapena mbalame yaikulu ikuluka, ndipo atakula anayamba okha kulowetsa tizingwe m'mipata ndi kumanga mfundo. Chilakolako choluka ndi mapulani a nyumba amabadwa nazo.

Koma kafukufuku yemweyo anaonetsanso mbali ina. Atchete amene anamanidwa zolukira ali aang'ono anadzakhala amisiri osalongosoka, olephera ngakhale kung'amba bwino kachingwe, ndipo ankasintha pokhapokha akapatsidwa mpata woyeserera. Kuthengo nako, amuna a chaka chimodzi saswana. Amasonkhana pa mtengo wawowawo n'kumaluka zisa zopotoka, zolekeza panjira, za tizingwe tolendewera paliponse, zomwe palibe mkazi angazivomere. Amayamba kuswana akafika zaka 2, ataononga udzu wochuluka.

Mu 2011 akatswiri a ku mayunivesite a Edinburgh, St Andrews ndi Glasgow, mogwirizana ndi mnzawo wa ku Botswana, anafalitsa zomwe anaona atajambula pa kanema atchete a mtundu wa Ploceus velatus m'dziko la Botswana. Anapeza kuti mbalamezi siziluka mofanana: ina imayambira kumanzere kupita kumanja, ina kumanja kupita kumanzere. Anaonanso kuti mbalame ikamaluka zisa zambiri, imachepetsa kugwetsa udzu pansi.

Mu 2024 magazini ya sayansi yotchedwa Science inasindikiza kafukufuku wa Maria Tello-Ramos ndi anzake pa mbalame ina ya m'banja lomweli, Plocepasser mahali, ya mzere woyera pamwamba pa diso. Mbalameyi imakhala m'timagulu ndipo onse amathandizana kumanga. Atayeza zisa zoposa 400 za magulu 43 ku Kalahari, m'dziko la South Africa, anapeza kuti gulu lililonse lili ndi kamangidwe kake. Ena amamanga zazifupi zonenepa, ena zamakomo aatali, ngakhale magulu akhale oyandikana ndipo udzu ndi nyengo zikhale zofanana. Mbalame yochokera kwina ikalowa m'gulu, kamangidwe ka gululo sikasintha. Mbalame imeneyi iliponso ku Malawi, m'nkhalango za tsanya monga ku Liwonde, ndipo zisa zake zooneka ngati mitolo ya udzu wouma zimakonda kukhala mbali imodzi ya mtengo, yosawomba mphepo. Zogonamo zimakhala ndi makomo awiri kuti mdani akalowera kwina mwini atulukire kwina, pomwe zoikiramo mazira zimatsekedwa khomo limodzi.

Choncho yankho la funso lija ndi lakuti zonse ziwiri n'zoona. Tchete amabadwa ndi chiyambi cha luso, koma umisiri weniweni umabwera ndi kuyeserera, ndipo mwa mitundu ina, ndi kukhala pakati pa anzake.

Mtundu uliwonse ndi kamangidwe kake

Munthu wozolowera amatha kudziwa mtundu wa tchete poona chisa chokha. Ploceus ocularis, wa kamzere kakuda kodutsa pa diso, sakonda gulu ndipo amakhala ndi mkazi mmodzi. Chisa chake chimakhala chokha, cholukidwa ndi tizingwe topyapyala, ndipo chili ndi khomo lalitali lolendewera pansi. Amblyospiza albifrons, wa mlomo wonenepa, amamanga m'madambo pakati pa mapesi oimirira a bango kapena njedza, ndipo ulusi wake ndi wosalala kwambiri, khomo lili cham'mbali. Anaplectes rubriceps, wa mutu wofiira, sagwiritsa udzu koma timitengo tofewa ndi mitsempha ya masamba, ndipo nthawi zina amamanga pansi pa denga la khonde kapena pa waya.

Ku India kuli tchete wotchedwa baya, amene chisa chake chili ndi khomo lalitali kwambiri ndipo chimatenga masiku pafupifupi 18 kuti chithe. Wamwamuna amamata timabulu ta dothi lonyowa mkati mwake. Anthu a kumeneko ali ndi chikhulupiriro chakale chakuti pa dothilo amamatapo ziphaniphani kuti ziunikire usiku, koma zimenezi ndi nthano chabe. Katswiri wotchuka wa mbalame wa m'dzikolo, Salim Ali, ndiye analongosola mu 1931 mmene baya wamwamuna amakwatirira akazi angapo motsatizana, aliyense n'kumumangira chisa chake.

Chisa chachikulu kuposa zonse ndi cha Philetairus socius, kambalame kotuwa ka masentimita 14 kopezeka m'madera ouma a Namibia, Botswana ndi kumpoto chakumadzulo kwa South Africa. Mbalamezi siziluka kwenikweni koma zimafolera: zimasomeka udzu wouma umodziumodzi mpaka patapangika chimulu chachikulu pa mtengo kapena pa pholo la mawaya. Kunsi kwa chimulucho kumakhala makomo, lililonse lopita ku chipinda chake, ndipo m'makomomo mumasongoka mapesi akuthwa oyang'ana pansi. Chisa chimodzi chimatha kukhala ndi zipinda zoposa 100, kusunga mbalame mazana angapo, kulemera mpaka tani imodzi, ndi kugwiritsidwa ntchito zaka zoposa 100, mibadwo ikusiyirana. Phindu lake lalikulu ndi pa nyengo. Ku Kalahari masana kumatentha koopsa ndipo usiku wa m'nyengo yozizira madzi amatha kuundana, koma m'zipindamo kutentha sikusinthasintha kwambiri. Mbalame zina zimabwera kudzakhala nawo, kuphatikizapo kamphamba kakang'ono kuposa tonse mu Africa, Polihierax semitorquatus, komwe kumwera kwa Africa kamadalira zisa zimenezi poswana.

Atchete ndi mlimi

Mlimi wa mpunga, mapira kapena mchewere sangayamikire atchete ndi mtima wonse. Mbewu zikayamba kukhwima, banja lonse limatha masiku m'munda likuingitsa mbalame, kukuwa, kuomba zitini ndi kugwedeza zingwe. Wovuta koposa m'banjali ndi kwelea wa mlomo wofiira, Quelea quelea, amene akuti ndiye mbalame yakuthengo yochuluka kuposa zonse pa dziko lapansi, pafupifupi 1.5 biliyoni. Imodzi imadya magalamu pafupifupi 10 pa tsiku, zomwe zikuoneka zochepa, koma gulu la mbalame 2 miliyoni limatha matani 20 tsiku limodzi.

Kuchuluka kwake kukugwirizana ndi kamangidwe kake. Kwelea saluka mwaluso ngati abale ake. Chisa chake ndi chaching'ono, chopyapyala, chotha pa masiku 2 kapena 3, ndipo mtengo umodzi waminga umasenza mazanamazana. Mazira amaswa pakatha masiku pafupifupi 10, gulu lonse nthawi imodzi, moti adani ngakhale adye bwanji sangamalize. Ana akauluka, gulu limasamukira komwe mvula yangogwa kumene n'kukaswananso. Chifukwa chakuti mbalamezi sizidziwa malire a maiko, maboma amalimbana nazo mogwirizana. Bungwe la IRLCO-CSA, lomwe likulu lake lili ku Ndola m'dziko la Zambia ndipo Malawi ndi membala, limalondola magulu a kwelea pamodzi ndi dzombe lofiira ndi ntchemberezandonda.

Koma si chilungamo kuweruza banja lonse chifukwa cha mtundu umodzi. Chakudya chachikulu cha atchete ambiri, ngakhale cha kwelea amene, ndi njere za udzu wakuthengo. M'nyengo yolera ana amagwira mphutsi, ziwala ndi tizilombo tina tochuluka, tina mwa ito toononga mbewu. Mitundu ina, monga wa mutu wofiira uja, imadalira kwambiri tizilombo ndipo m'munda siisautsa.

Tchete amene ali pangozi

Pamene kwelea akuchulukirachulukira, wachibale wake wina akusowa pokhala. Ploceus olivaceiceps amapezeka m'madera ochepa a Malawi, Zambia, Mozambique ndi Tanzania, m'nkhalango za miombo zokhwima zomwe nthambi zake zimalendewera ndere zotuwa zazitali zotchedwa Usnea. Tcheteyu amasaka tizilombo m'ndere zimenezi, ndipo chisa chake amachiluka ndi nderezo, chili chobisika pakati pa zinzake zomera pa nthambi, moti kuchiona n'kovuta. Nkhalango ya Dzalanyama, kumwera chakumadzulo kwa Lilongwe, ndi amodzi mwa malo odziwika kwambiri okaonerako mbalameyi, ndipo alendo okonda mbalame amachokera kutali kudzaifuna.

Ndere zimenezi zimachuluka pa mitengo ikuluikulu yakale, yomwenso ndi imene ootcha makala amayamba kugwetsa. Tchete wa m'midzi mtengo wake ukadulidwa amasamukira pa wina n'kuyambiranso mawa lake. Uyu alibe kothawira, chifukwa popanda ndere alibe cholukira. Bungwe la IUCN, lomwe limalemba mndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi, linamuika kale m'gulu la zoyandikira chiopsezo.

Luso la tchete, ngakhale likhale lalikulu motani, limadalira zinthu zomwe sangazipange yekha: dambo lokhala ndi bango ndi udzu wauwisi, mtengo wa nthambi zoweramira pamadzi, nkhalango yosiyidwa kuti ikalambe. Zimenezi zili m'manja mwa anthu. Tikamatentha madambo chaka ndi chaka, kulima mpaka m'mphepete mwa mtsinje ndi kusandutsa miombo yakale kukhala makala, tikulanda mbalamezi zolukira zake. Wowerenga, ngati pafupi ndi kwanu pali mtengo wa atchete, usiyeni uime, ndipo auzeni ana kuti zisa zili ndi mazira sazigenda.